Nkhalango Ikasanduka Zilumba

Nkhani imene takukonzerani lero ikutitengera kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere ya Atlantic, ku dziko la Brazil, kumene kuli nkhalango ya Amazon, yaikulu koposa nkhalango zonse za m'maiko otentha. Funso limene tikufuna kuliyankha n'losavuta kulifunsa, koma akatswiri a sayansi atha zaka zoposa 40 akulifufuza. Funsolo ndi ili: anthu akamagwetsa nkhalango kuti apeze malo olima ndi odyetserako ng'ombe, nasiyako chigawo china chili chiimire, kodi chigawo chimenecho chiyenera kukula motani kuti zamoyo zimene zinali m'menemo zisathe? Yankho lake lathandiza maboma posankha malo osungirako zachilengedwe, ndipo monga mudzamva chakumapeto, likukhudzanso mapiri a kwathu kuno.

Tiyambe ndi kuona chuma chimene chili m'nkhalango imeneyi. M'chaka cha 2013, akatswiri amene anasonkhanitsa mawerengero a mitengo kuchokera m'madera ambiri a Amazon anayerekeza kuti m'nkhalangomo muli mitundu ya mitengo yokwana ngati 16,000. Pafupi ndi mzinda wa Manaus, pa hekitala imodzi yokha, amene ndi malo aakulu ngati bwalo la mpira limodzi ndi theka, munthu atha kuwerenga mitundu ya mitengo pafupifupi 280. Mbalame nazo n'zosachita kunena. M'Amazon muli mitundu yokwana ngati 1,300, pamene dziko lonse la Malawi, limene nalonso n'lodalitsika ndi mbalame, lili ndi mitundu pafupifupi 650. Ku Cocha Cashu, m'nkhalango yotetezedwa ya Manu ku Peru, John Terborgh ndi anzake anapeza mitundu 245 ya mbalame zokhazikika pa malo a mahekitala 97 okha, monga analengezera m'chaka cha 1990.

Kodi zitheka bwanji kuti mitundu yochuluka chotere ikhalire limodzi osalandana chakudya? Chinsinsi chake n'chakuti nkhalango yotere ili ngati nyumba yosanja, ndipo mbalame zinagawana zipinda ndi ntchito. Zina zimakhala pamwamba penipeni, mamita oposa 30 kuchokera pansi, kumene kuli dzuwa, maluwa ndi zipatso. Zina zimakwera m'makungwa a mitengo monga achitira gogomole. Zina zimafufuza tizilombo m'masamba ouma amene akodwa m'nthambi. Zinanso zimayenda pansi, mumdima, kumene kuwala kwa dzuwa kumafikako pang'ono kwambiri, gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 100. Mtundu uliwonse unazolowera njira yakeyake yopezera chakudya, ndipo mitundu yambiri ili ndi mbalame zowerengeka zomwazikana pa dera lalikulu. Apa mpamene pagona vuto. Mbalame yodziwa ntchito imodzi yokha, malo a ntchitoyo akaonongeka, ilibe kolowera.

Phunziro lochokera ku zilumba

Maganizo amene anayambitsa kafukufuku wathu anachokera ku zilumba za m'nyanja. M'chaka cha 1967, akatswiri awiri a ku America, Robert MacArthur ndi Edward Wilson, anasindikiza buku lofotokoza chifukwa chake chilumba chachikulu chimakhala ndi mitundu yambiri ya zamoyo kuposa chaching'ono, ndiponso chifukwa chake chilumba chapafupi ndi mtunda chimaposa chakutali. Iwo anati pa chilumba chaching'ono mtundu uliwonse umakhala ndi zamoyo zochepa, kotero kuti matenda, chilala kapena tsoka lina lililonse litha kuufafaniza. Chilumbacho chikakhala kutali, palibe zina zobwera kudzalowa m'malo mwa zimene zatha. Posakhalitsa anthu anazindikira kuti chigawo cha nkhalango chozunguliridwa ndi minda n'chimodzimodzi chilumba, kungoti m'malo mwa madzi chazunguliridwa ndi udzu.

Umboni wina unalipo kale ku dziko la Panama. Pamene ankakumba ngalande yaikulu yodutsamo zombo, anatseka mtsinje wa Chagres, ndipo pofika 1914 madzi anali atadzaza chigwa chonse, napanga nyanja ya Gatun. Phiri lina lotchedwa Barro Colorado linasanduka chilumba cha mahekitala pafupifupi 1,500. M'chaka cha 1923 chilumbacho chinaikidwa kukhala malo otetezedwa, opanda nkhwangwa ndi mfuti. Komabe katswiri wa mbalame Edwin Willis analengeza m'chaka cha 1974 kuti mitundu 45 ya mbalame imene inkaswana pachilumbapo inali itasowa pofika 1970. Yambiri mwa iyo inachoka chifukwa minda yakale imene inkaikonda inali itabwereranso kukhala nkhalango. Koma ina inali mitundu ya m'nkhalango yeniyeni, imene inkapezekabe kutsidya kwa madzi, pamtunda woonekera ndi maso. Chitetezo chokha sichinakwanire kuisunga.

Zimenezi zinautsa mtsutso waukulu pakati pa akatswiri m'zaka za m'ma 1970. Tiyerekeze kuti boma lili ndi mwayi wosunga mahekitala 1,000 a nkhalango. Kodi chabwino n'chiti, kusunga chigawo chimodzi chachikulu, kapena zigawo khumi za mahekitala 100 chilichonse? Jared Diamond analemba m'chaka cha 1975 kuti chimodzi chachikulu ndicho chabwino. Chaka chotsatira Daniel Simberloff ndi Lawrence Abele anayankha kuti umboni wa mfundo imeneyo unali wosakwanira, pakuti zigawo zingapo zomwazikana zitha kusunga mitundu yosiyanasiyana imene chigawo chimodzi sichingakhale nayo. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo zomveka, koma panalibe amene anali atawerengapo zamoyo za m'nkhalango isanadulidwe, n'kudzaziwerenganso itadulidwa.

Kafukufuku wa ku Manaus

Amene anapeza njira yothetsera mtsutsowu anali Thomas Lovejoy, katswiri wa mbalame amene panthawiyo ankagwira ntchito ku bungwe la World Wildlife Fund ku America. Lamulo la dziko la Brazil m'masiku amenewo linkati mwini malo aliyense wa ku Amazon asiye theka la nkhalango yake osaigwetsa. Boma linalinso kulimbikitsa anthu kutsegula mafamu a ng'ombe kumpoto kwa Manaus. Lovejoy anaganiza kuti, popeza mitengoyo idzagwa ndithu, bwanji osapempha eni mafamu kuti theka losiyidwalo alisiye m'zigawo zoyezedwa bwino, zina zazing'ono, zina zazikulu? Eni mafamu anavomera, ndipo m'chaka cha 1979 ntchito inayamba, mogwirizana ndi bungwe la boma la Brazil lofufuza za Amazon, lotchedwa INPA. Lero ntchitoyi imadziwika ndi dzina loti Biological Dynamics of Forest Fragments Project.

Malowo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Manaus. Kuyambira 1980, zigawo 11 zinapatulidwa: zisanu za hekitala imodzi, zinayi za mahekitala 10, ndi ziwiri za mahekitala 100. Zonse zinali za mbali zinayi zofanana, ndipo zinatalikirana ndi nkhalango yaikulu mamita 80 kufikira 650. M'nkhalango yosadulidwa anayezamonso malo a misinkhu yomweyo, kuti akhale poyerekezera. Chinthu chanzeru koposa chinali chakuti akatswiri anayamba kuwerenga mitengo, mbalame, anyani, achule, agulugufe ndi tizilombo tina nkhwangwa zisanafike. Motero chilichonse chimene chinasintha pambuyo pake anatha kuchiona ndi kuchiyeza.

Mwina mukufunsa kuti mbalame za m'nkhalango yowirira amaziwerenga bwanji, pakuti zambiri sizioneka n'komwe. Amagwiritsa ntchito maukonde a ulusi wosalala kwambiri, ngati wa kangaude, aatali mamita 12, amene amawatchera mondondozana m'tinjira ta m'nkhalango kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litapendeka. Mbalame youluka chapansi siuona ukondewo, ndipo imakodwa osavulala. Katswiri amaichotsa mosamala, kuizindikira mtundu wake, kuiyeza kulemera ndi kutalika kwa phiko, kuiveka kamphete kachitsulo kokhala ndi nambala kumwendo, kenaka n'kuimasula. Ikadzakodwanso mwezi wamawa kapena patapita zaka zisanu, nambalayo imasimba mbiri yake yonse: kumene yachokera, zaka zimene yakhala ndi moyo, ndi ngati yanenepa kapena yawonda. Richard Bierregaard ndiye anatsogolera ntchito imeneyi m'zaka zoyambirira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito ya maukondeyi yapitirira kwa zaka makumi anayi.

Zimene maukonde anaulula

Chotsatira choyamba chinali chodabwitsa. Mitengo yozungulira itangogwa, mbalame zokodwa m'maukonde m'zigawomo zinachuluka kuposa kale. Munthu wosadziwa akadati zinthu zayenda bwino. Koma zimenezi zinali mbalame zothawa kumene kwagwetsedwa, zodzapanikizana m'kachigawo kotsalako monga anthu othawa madzi osefukira aunjikana pachulu. Chakudya sichinakwanire. Patapita masiku ngati 200 chiwerengero chinayamba kutsika, ndipo chinatsika kupitirira pamene chinali poyamba.

Zoyamba kusowa zinali mbalame zotsata linthumbu. Ku Amazon kuli nyerere zolusa zoyenda m'magulu aakulu, zofanana m'makhalidwe ndi linthumbu limene timalidziwa kuno. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Eciton burchellii, ndipo gulu limodzi limakhala ndi nyerere mazanamazana a zikwi. M'mawa zimatambasuka pansi ngati mphasa yoyenda, ndipo mphemvu, nkhululu, akangaude ndi abuluzi amatuluka m'masamba kuthawa. Mbalame zina zinaphunzira kutera patsogolo pa gululo n'kumatola zothawazo. Nyererezo sizizidya ayi. Zimangozigwiritsa ntchito monga mlenje agwiritsira ntchito agalu ovumbulutsa nyama. Pafupi ndi Manaus pali mitundu itatu imene imadalira njira imeneyi pafupifupi pa chakudya chake chonse, ndipo umodzi mwa iyo ndi Pithys albifrons, kambalame kofiirira kokhala ndi nthenga zoyera zoimirira pankhope.

Tsono taonani mmene unyolo umadukira. Gulu limodzi la nyerere zimenezi limafuna malo okwana mahekitala ngati 30 kuti lipeze chakudya. Komanso silisaka mofanana masiku onse. Limayendayenda kwa masabata awiri, likusaka tsiku ndi tsiku, kenaka limakhazikika malo amodzi kwa masabata pafupifupi atatu pamene mfumukazi ikuikira mazira, ndipo m'nyengo imeneyi masiku ena silituluka. Choncho mbalame yodalira nyererezi iyenera kudziwa kumene kuli magulu angapo nthawi imodzi, kuti lina likapuma ipite kwa lina. Mbalame imodzi yolemera ngati kabokosi ka machesi kapena tiwiri imafuna nkhalango ya mahekitala ambirimbiri. M'zigawo za hekitala imodzi ndi za mahekitala 10, mbalame zimenezi zinasowa mwamsanga zitangopatulidwa zigawozo.

Zachiwiri zinali mbalame zoyenda pamodzi m'magulu a mitundu yosakanikirana. M'nkhalango ya Amazon, m'bandakucha uliwonse, mbalame za mitundu khumi kapena kuposerapo zimakumana pamalo amodzimodzi, n'kuyendera limodzi tsiku lonse m'dera la mahekitala pafupifupi 10. Mtundu uliwonse umasaka m'njira yake, uwu m'makungwa, uwu m'masamba, osalimbana. Mtsogoleri wa gululo ndi mbalame yotuwa yotchedwa Thamnomanes caesius, imene imakhala tcheru panthambi, ndipo ikaona kabawi imalira mochenjeza anzake onse. Chifukwa cha mlonda ameneyu zinazo zimadya mtima uli m'malo. M'zigawo zazing'ono, magulu otere anabalalika m'zaka ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo mitundu yambiri ya m'magulumo inasowa.

Funso limene aliyense angafunse n'lakuti, popeza mbalame ili ndi mapiko, imalepheranji kuuluka mamita 100 okha kupita ku nkhalango yaikulu n'kubweranso? Yankho lake n'lakuti mbalame za pansi pa nkhalango zinazolowera mdima. Zili ndi maso aakulu ndi mapiko aafupi obulungira, oyenera kudumpha kuchokera panthambi iyi kupita pa iyo. Poyera zimaopa, ndipo zina zilibe mphamvu zake. Pafupi ndi Manaus, Susan Laurance ndi anzake anapeza kuti ngakhale msewu wafumbi wopita magalimoto owerengeka, wotseguka mamita 30 kapena 40, umachepetsa kwambiri kuoloka kwa mitundu yambiri. Ku Panama akatswiri ena anatenga mbalame za m'nkhalango pabwato, nazimasula panyanja ya Gatun pamtunda wa mamita 100, 200 ndi 300 kuchokera kugombe. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2008, zinaonetsa kuti mitundu ina inkagwera m'madzi isanakwanitse ngakhale mamita 100. Kwa mbalame zotere, munda wa chimanga ndi nyanja n'chimodzimodzi.

Chigawo chimadyeka kuchokera m'mphepete

Mitengo nayo inavutika. M'kati mwa nkhalango yowirira mumakhala chinyezi, mthunzi ndi bata. Pambali pakatseguka, mphepo yotentha ndi youma ya kubusa imalowa, nthaka imauma, ndipo mitengo ikuluikulu imene inkatetezana ku namondwe imayamba kuzuka ndi kuthyoka. William Laurance ndi anzake analengeza m'chaka cha 1997 kuti m'kati mwa mamita 100 kuchokera m'mphepete, malo ena anataya gawo lofika 36 mwa magawo 100 a kulemera kwa mitengo yamoyo m'zaka 10 kufikira 17 zoyambirira. Kufa kwa mitengo kunaonekabe mpaka mamita 300 kulowa m'kati. Tikawerengera bwino, chigawo cha hekitala imodzi ndi cha mamita 100 mbali iliyonse, choncho chonsecho ndi mphepete yokhayokha. Ngakhale cha mahekitala 10 chilibe pakati pamene mphepoyo siifika. M'malo mwa mitengo yakale yolimba mumamera mitengo yofewa yokula msanga, pamodzi ndi zilambe zoyanga.

Zamoyo zina zinatha m'njira zimene palibe akadaziganizira. Kumeneko kuli nyama zofanana ndi nguluwe zimene zimakumba zithaphwi zogubuduzikamo m'matope. Nyamazi zitasiya kufika m'zigawo, zithaphwi zinauma, ndipo mitundu ina ya achule imene inkaswana m'menemo inasowa. Anyani odya zipatso, amene amayenda mtunda wautali kufunafuna mtengo wakupsa, anachoka m'zigawo zazing'ono, pamene anyani ofiira odya masamba anapirira. Tizilombo tokunkhuniza ndowe, timene timakwirira ndowe pamodzi ndi njere za mitengo, tinachepa. Pamene pali otaya pamakhalanso opindula: timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa sitinavutike kwenikweni, ndipo agulugufe okonda dzuwa anachuluka. Koma zimene zinapindula n'zimene zimapezeka paliponse, pamene zotayikazo n'zosapezeka kwina kulikonse kunja kwa nkhalango yowirira.

M'chaka cha 2003, Gonçalo Ferraz ndi anzake anaika zonsezi m'masamu. Anapeza kuti chigawo cha mahekitala 100 chimataya theka la mitundu ya mbalame zake za pansi zisanathe zaka 15. Anapezanso kuti ngati tifuna kuti kutayikako kuchedwe kakhumi, chigawocho chiyenera kukula kokwana 1,000. Chiwerengero chimenechi n'chofunika kuchisunga pamtima, pakuti chikutiuza kuti nkhalango itha kuoneka yobiriwira ndi yokongola kwa wodutsa pamsewu, pamene m'kati mwake zamoyo zikutha chaka ndi chaka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma kuno ngakhale nyererezo zimakhala zitachoka. Pa mtsutso uja wa m'ma 1970, umboni wa ku Manaus unaonetsa kuti mitundu yosapirira imafuna chigawo chachikulu chosaduka.

Chiyembekezo chochokera m'tchire

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yolimbikitsa, imene inabwera mosakonzekera. Nthaka ya kumeneko ndi yosabereka, ndipo thandizo la ndalama la boma litatha, mafamu ambiri a ng'ombe anasiyidwa. Tchire linayamba kumera kuzungulira zigawo, kotero kuti akatswiri ankachita kulambula mobwerezabwereza kuti zigawozo zikhalebe zopatuka. Philip Stouffer ndi Bierregaard anaona mu 1995 kuti kumene kunamera mitengo ya mtundu wa Cecropia, yokula msanga ndi yopereka mthunzi, mbalame zotsata linthumbu ndi zoyenda m'magulu zinayamba kubwerera m'zigawo patapita zaka zochepa. Mitengo imeneyi inamera kumene nkhalango inangogwetsedwa osatenthedwa. Kumene kunatenthedwa kawirikawiri ndi kudyetsedwa ng'ombe kunamera mitengo yaifupi ya mtundu wa Vismia, ndipo kumeneko mbalame zinachedwa kubwerera. Phunziro lake n'lakuti chimene chazungulira chigawo n'chofunika pafupifupi ngati kukula kwa chigawocho. Madzi ozungulira Barro Colorado sadzamera mitengo, koma busa litha kusanduka mlatho ngati moto uletsedwa.

Komabe m'zaka zaposachedwapa maukonde aja aulula chinthu china chodetsa nkhawa, ndipo chachokera kumene sikunayembekezeke, m'nkhalango yosadulidwa imene inali poyerekezera chabe. Stouffer ndi anzake atafanizira mbalame zokodwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi zokodwa pakati pa 2008 ndi 2016, anapeza kuti mbalame zodya tizilombo pansi ndi chapafupi ndi pansi zachepa, ngakhale kumene nkhwangwa sinafikeko. Pakati pa zimenezi pali uirapuru, kambalame kamene anthu a ku Brazil amakatama chifukwa cha nyimbo yake yonga chitoliro. Mu 2021, Vitek Jirinec ndi anzake anasanthula miyeso ya mbalame zoposa 15,000 za mitundu 77, napeza kuti mitundu yonseyo yapepuka poyerekeza ndi zaka 40 zapitazo, ina ndi magawo pafupifupi awiri mwa 100 pa zaka khumi zilizonse. Gawo limodzi mwa magawo atatu a mitunduyo latalikanso mapiko. M'nyengo yomweyo deralo latentherapo, ndipo chilimwe chake chaumirapo. Akatswiriwo akuganiza kuti thupi lopepuka ndi phiko lalitali zimathandiza mbalame kuuluka osatenthedwa kwambiri. Zikadapanda kuti wina anayamba kuyeza mbalame mu 1979 n'kupitiriza osatopa, kusintha kumeneku sikukadadziwika.

Lovejoy anamwalira pa 25 Disembala 2021. Zaka pafupifupi zinayi asanamwalire, iye pamodzi ndi katswiri wa zanyengo wa ku Brazil, Carlos Nobre, anachenjeza kuti nkhalango ya Amazon imadzipangira yokha gawo lalikulu la mvula yake, ndipo ikadzagwetsedwa kufika magawo 20 kapena 25 mwa 100, madera aakulu atha kuuma n'kusanduka tchire. Vuto la kuduka kwa nkhalango nalo lafalikira dziko lonse lapansi: kafukufuku wina wa mu 2015 anapeza kuti magawo 70 mwa 100 a nkhalango zotsala ali pamtunda wosapitirira kilomita imodzi kuchokera m'mphepete.

Zilumba za pamapiri athu

Tsopano tibwerere kwathu. Pamapiri a kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique pali nkhalango zobiriwira chaka chonse, zimene mwachilengedwe ndi zilumba kale, pakuti phiri lililonse lazunguliridwa ndi chigwa chouma. M'nkhalango zimenezi mumakhala mbalame imene akatswiri amaitcha Thyolo alethe, potengera dzina la phiri la Thyolo, ndipo inalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1927. Kukula kwake ili ngati pumbwa, yofiirira kumsana, yoyera pakhosi. Sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'mapiri a maiko awiriwa. Ndipo chakudya chake imachipeza monga zichitira zinzake za ku Amazon: imatsata linthumbu, n'kumatola tizilombo tothawa.

Nkhalango yaikulu ya paphiri la Thyolo inagwetsedwa pafupifupi yonse chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anthu osowa malo olima anatsegula minda mpaka pamwamba. Kumeneko mbalameyi inatsalira m'tizigawo tating'ono ta m'minda ya tiyi, komanso ikupezekabe paphiri la Mulanje. Mudzi wake waukulu tsopano uli ku Mozambique, paphiri la Mabu m'chigawo cha Zambézia. Anthu a kumeneko nkhalangoyo ankaidziwa kuyambira kalekale, koma akatswiri a sayansi anaizindikira mu 2005, pamene Julian Bayliss anaiona pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, ndipo mu 2008 gulu la akatswiri linapita kukaifufuza. Ndi nkhalango ya mahekitala oposa 7,000, yosaduka. Zimene taphunzira ku Manaus zikutiuza chifukwa chake kukula kumeneku kuli kofunika, ndiponso chimene chingachitikire mbalame zotsalira m'tizigawo ta mahekitala owerengeka ngati tizigawoto tikhala topatukana.

Nanga tsono tingatolepo chiyani? Choyamba, kumene nkhalango yaikulu ikadalipo, isang'ambidwe, pakuti msewu umodzi kapena munda umodzi wa pakati umaononga malo aakulu kuposa amene walambula. Chachiwiri, tizigawo tating'ono tisanyozedwe. Msitu wa kumanda, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndi kankhalango ka pagwero la madzi ndi malo opumirapo mbalame paulendo, ndiponso ndi nkhokwe za njere zimene nkhalango yatsopano idzamerere. Mitengo yambiri ya m'nkhalango zotere imadalira mbalame ndi nyama kuti zimwaze njere zake, choncho wosunga mbalame wasunganso mitengo ya mawa, pamodzi ndi akasupe amene midzi ndi minda ya m'munsi mwa phiri imamwa. Chachitatu, tizigawo tilumikizidwe, ndipo njira yotsika mtengo koposa ndiyo kuleka kutentha tchire la pakati pake kuti mitengo yachilengedwe iphuke yokha. Chachinayi, amene amakhala m'mphepete mwa nkhalango ayenera kukhala ndi popezera chakudya ndi nkhuni, chifukwa munthu wanjala sangauzidwe kuti asiye phiri kaamba ka mbalame.

Chotsiriza ndi ntchito yowerenga. Zonse zimene takambazi zinadziwika chifukwa anthu ena anadzuka m'mamawa kwa zaka zambiri, kutchera maukonde, kuyeza ndi kulemba m'kaundula. Mphunzitsi amene angayambe lero kulemba pamodzi ndi ana a sukulu mitundu ya mbalame imene amaiona ndi kuimva m'nkhalango yapafupi, mwezi ndi mwezi, adzasiyira a m'tsogolo chinthu chimene ndalama sizingagule pambuyo pake, ndicho mbiri ya mmene zinthu zinalili poyamba. Nthawi yathu yathera pamenepa.